Amene Anatsala ndi Mawu

Fanizo ili ndinalimva kwa malemu a Elifasi Kamtedza, mkulu wa mpingo wathu, amene anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale zaka makumi atatu. Mzimu wawo uuse mumtendere. Linali Lamulungu la mu Novembala, tsiku lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Titatuluka m'tchalitchi tinakhala pansi pa mthethe kudikira kuti dzuwa lipepe. Bambo wina, amene agogo ake anapita kunkhondo ku Bama osabwerako, anafunsa kuti, "Aphunzitsi, Amereka uja nkhondo zonse ziwiri anafika anzake atatopa kale. Zinatheka bwanji kuti pomaliza akhale pampando wakutsogolo ndi iyeyo?"

A Kamtedza anayamba ngati ali m'kalasi. Anati nkhondo yoyamba inabuka mu 1914, Amereka analowa mu 1917. Yachiwiri inabuka mu 1939, iye analowa kumapeto kwa 1941, doko lake la sitima zankhondo litaphulitsidwa. Kenaka analekeza, n'kuvula magalasi. "Zaka zimenezi muziiwala musanafike kunyumba," anatero. "Bola ndikuuzeni fanizo."

Ndalemba monga ndinamvera. Pamene ndaphonya, cholakwa n'changa.

Panali munthu wina amene anamanga kutsidya kwa mtsinje. Anabadwira kumudzi waukulu wa tsidya lino, koma atakula anatopa ndi mikangano ya abale ake. Ananyamula khasu ndi mphasa, n'kuwoloka. Kumeneko anapeza nthaka yachonde, ndipo sanaisewere. Pomwe imvi zoyamba zinkaoneka anali ndi nkhokwe zisanu, ng'ombe zapagoli ndi pulawo, ana aamuna anayi a ndevu zawo, ndi akamwini atatu.

Sanali munthu woipa. Wanjala akafika pakhomo pake ankabwerera ndi lichero lodzaza. Koma anali ndi mawu amodzi amene ankawabwereza kwa ana ake: "Za tsidya lija n'za eni ake. Mtsinje uwu Mulungu anauika ndi cholinga."

Anali ndi chifukwa chake. Kale anawolokapo kamodzi kukathandiza kuzima moto, ndipo mwana wake wachiwiri anabwerako ndi chipsera kuyambira pabondo mpaka pachidendene. Chaka chotsatira anthu a kumudzi kuja anayambanso kutentha tchire ngati palibe chinachitika. Zimenezi sanaziiwale.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, udzu utauma kuti gwaa, amuna awiri a mabanja odana anakanganirana mauna a mbewa. Mmodzi anayatsa tchire kuti mnzake asapeze kanthu. Mphepo inali yaukali tsiku limenelo. Moto unadya tchire, unadya mapesi m'minda, n'kulunjika kumudzi.

Kumudzi kuja kunali lamulo lakale. Munthu akakuwa, aliyense amene wamva ankasiya chimene chili m'manja mwake n'kuthamanga. Ngakhale wokuwayo akhale mdani wako, unkathamanga ndithu, zokambirana pambuyo.

Munthu uja anali pamthunzi akusema goli latsopano. Mfuwu inawoloka mtsinje. Linali liwu la mkazi, lalitali, losongoka ngati munga.

"Motooo! A kutsidyaaa! Tithandizeniii!"

Kasemasema anaima m'mwamba. Kenaka anatsika, ndipo munthu uja anapitiriza kusema.

Mkazi wake anatuluka m'nyumba manja ali ndi ufa. "Bambo a Yona, simukumva kodi?"

"Makutu ndili nawo."

"Nanga bwanji?"

"Moto suwoloka madzi."

Liwu lija silinaleke. Linakuwa m'mawa wonse, linakuwa masana. Dzuwa litapendeka linali litachepa, likumveka ngati kambuzi komangidwa patali. Goli linatuluka losalala bwino, koma mwini wake sanalikondwere.

Tsiku lachiwiri mkulu wake anawoloka yekha, madzi akumufika m'chiuno. Nsidze zinali zitapserera, malaya ali mabowomabowo.

"Mphwanga, nyumba zisanu ndi imodzi zapita. Nkhokwe ndiye sindikuwerenga n'komwe. Tenga ana akowa tiwoloke."

"Khalani pansi, achimwene, muyambe mwamwa thobwa."

"Thobwalo undisungire, udzagawire anthu pamaliro anga."

"Koma wayatsa ndani moto umenewu?"

"Moto ukafika padenga safunsa woyatsa, iwe."

Munthu uja anayang'ana ana ake. Wamkulu anali atagwira kale chikwanje. Wachiwiri anaika dzanja pachipsera. Bambo wawo anaona dzanjalo. Analowa m'nyumba, n'kutulutsa ndowa khumi, zikwanje zisanu ndi matumba awiri a ufa. Anauza akamwini ake kuti awolotse katunduyo, akangotula abwerere.

Mkulu wake anayang'ana ndowazo nthawi yaitali. "Ndapempha manja, wandipatsa ndowa," anatero. "Chabwino. Ndowa nayonso ndi m'bale wake wa munthu." Anawoloka osatsanzika.

Tsiku limenelo liwu la mkazi lija linamvekanso kawiri kapena katatu, losweka. Kenaka silinamvekenso. Munthu uja anadziuza kuti mwina zinthu zayamba kuyenda bwino kumeneko. Utsi wokha unkamutsutsa.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, kamvuluvulu ananyamuka pakati pa moto. Anazungulira, anatola mtolo wa udzu woyaka padenga la munthu, n'kuukweza m'mwamba. Anauwolotsa mtsinje ngati mbalame, n'kuutula padenga la nkhokwe yaikulu ya munthu uja. Anthu anathamangira ndowa, koma ndowa zinali kutsidya. Chimanga cha zaka ziwiri chinapsa iwo akuona, ndipo mkamwini wake mmodzi anapsa mkono wonse.

Munthu uja sanalire. Anangoti, "Mangani ng'ombe."

Anawoloka amuna asanu ndi awiri, atadya, atagona bwino, ng'ombe zili patsogolo. Anapeza anthu akuda ngati makala, akumenya moto ndi nthambi zimene masamba anali atathothoka kale. Ena ankagwa okha, n'kudzuka, n'kugwanso. Iye sanamenye moto ndi nthambi. Anatsitsa pulawo pakati pa moto ndi nyumba zotsala, n'kulima mzere kuyambira kumtsinje mpaka kuphiri. Anabwerera, analimanso wina pambali pake, mpaka mizere khumi ndi iwiri. Kenaka ana ake anayatsa moto wawo m'mphepete mwa dothi lija kuti ukakumane ndi unzake. Dzuwa lisanalowe, moto unafika pa dothi lofiira, unanunkhiza, unasowa chakudya, n'kugona.

Tisanamizane. Popanda pulawo ija mudzi wonse ukanatha. Komanso popanda anthu amene anaugwira moto pakhosi masiku awiri ndi nthambi ndi ndowa, pulawo ikanapeza phulusa lokhalokha. Akanabwera tsiku loyamba, mwina nyumba zambiri zikanapulumuka. Mwinanso akanatopa ngati anzake, ndipo tsiku lachitatu pakanasowa wamphamvu. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Chimene ife tikudziwa ndi chimene chinachitika m'mawa wake.

Mvula inali pafupi. Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri, ndipo malire onse a minda anali atapsa. Nkhadze, khonje, zitsa zimene makolo anasiya ngati zizindikiro, zonse zinali phulusa limodzi. Kudikira kunali kosatheka, chifukwa munthu sadzala m'munda umene sakudziwa polekezera. Choncho tsiku lachinayi m'mawa anthu anakhala pabwalo.

Bwalo limenelo linali ndi mwambo wake. Wofuna kuyankhula ankayamba wawomba m'manja katatu. Akanena mfundo yake, ankafunsa katatu ngati alipo wotsutsa. Pakakhala zii, nkhaniyo inkatha, ndipo sinkatsegulidwanso. Anthu amenewa ankadziwa kuti mlandu wa malire ukautsegula kawiri umatha ndi nkhwangwa.

Munthu wamkulu kuposa onse anaimirira ndi ndodo. Anatsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya. Anayesanso, n'kunong'ona kuti, "Ali ndi mawu ndani?"

Anthu anayang'anana. Masiku atatu a utsi anali atasasitsa mawu a mudzi wonse. Wina akafuna kunena kanthu, kankathera m'chifuwa. Manja nawo anali matuza okhaokha, okulungidwa m'nsanza. Panalibe wowomba, panalibe wonena.

"Ali ndi mawu ndani?"

Munthu wa kutsidya uja anadikira pang'ono, chifukwa ankadziwa kuti si mwini mudzi. Koma maso onse anali pa iye. Anawomba m'manja. Phu, phu, phu. Kuwombako kunamveka mpaka kuphiri. Manja ake anali athunthu, ndipo pakhosi pake panali posalala.

Anaimirira, n'kuyamba kugawa. Poyamba ankayankhula motsitsa, ngati mlendo. Koma liwu la munthu likamamveka lokha pabwalo limakoma m'makutu mwa mwini wake. Anagawa minda ya kumtunda, anagawa ya kudambo. Zambiri anagawa mwachilungamo, monga mmene ankakumbukirira kuyambira ubwana wake. Mabanja awiri odana aja anawaika motalikirana. Nthawi iliyonse ankafunsa katatu, ndipo nthawi iliyonse pankakhala zii.

Pomaliza anati, "Pakufunika msewu wa ng'ombe zanga. Uchoke padoko, udutse pakasupe, ufike pakati pa mudzi. Moto ukadzabukanso ndidzafike msanga."

Mfundoyo inali yanzeru. Koma pakasupepo panali dimba la mayi wina wamasiye, Nazimbiri. Analibe mwamuna, analibe mlongo womuyankhulira. Dimba limenelo ndilo linkadyetsa iye ndi adzukulu ake atatu: mpiru, matimati, ndi nzimbe zochepa m'mphepete. Njira ina inalipo, yodzera kumiyala, koma inali yozungulira, ndipo ng'ombe zikanavutika ziboda.

"Alipo wotsutsa?"

Nazimbiri anali kumbuyo kwenikweni, pakati pa amayi. Anakweza manja ake okulungidwa m'zigamba za chitenje, n'kuwomba. Nsanza inakumana ndi nsanza. Sipanamveke kanthu. Anthu onse anali atakhala pansi, atamufulatira. Munthu uja yekha, popeza anali chiimire, ndiye anamuona.

"Alipo wotsutsa?"

Mayiyo anawombanso. Milomo yake inkagwedezeka, mitsempha ya m'khosi itatupa. Kunangotuluka kamphepo.

Munthu uja akanatha kunena mawu atatu okha. Akanati, "Mayi awo akuwomba." Anthu akanatembenuka, wina akanaika khutu pakamwa pake. Koma anaganiza za ziboda za ng'ombe zake, ndi za nkhokwe yake yopsa, ndi kuti popanda iye mayiyo sakanakhala ndi nyumba n'komwe. Maso awo anakumana. Iye anatembenuza nkhope, n'kuyang'ana kumene ng'ombe zinkadya.

"Alipo wotsutsa?"

Zii.

Patapita mlungu umodzi mawu a anthu anabwerera, koma bwalo linali litatsekedwa, mbewu zili m'nthaka. Mudzi unakhala monga mmene unajambulidwira m'mawa umenewo, ndipo uli choncho mpaka lero.

Munthu uja sanawataye abale ake. Anatumiza mbewu. Anatumiza mitengo yomangira ndi udzu wofolera. Ng'ombe zake zinalima minda ya amene manja awo anachedwa kupola. Kuyambira pamenepo palibe nkhani inkagamulidwa tsidya lino iye asanafike. Mwambi wake wakale wonena za mtsinje sanaunenenso. Amayi pamtondo anamupekera nyimbo, yoti wa kutsidya atangomva mfuwu anataya zonse n'kuthamanga. Ana anakula akuimba nyimbo imeneyo, ndipo kwa iwo inasanduka mbiri.

Iye sanaikonze nyimboyo. Koma ikamaimbidwa, ankasiya chakumwa n'kuchoka. Ng'ombe zake zinkadutsa mumsewu watsopano, koma mwini wake akamayenda pansi ankadzera kumiyala, ngakhale mawondo atayamba kumupweteka. Ana ake ankati ndi ukalamba. Mkazi wake ankadziwa chifukwa chenicheni, poti analipo tsiku lija posema goli.

Zitapita zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa wina akuwoloka, anapeza Nazimbiri padoko. Ankatunga madzi a ganyu, a anthu oumba njerwa. Pothawira panalibe.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, kaya inu bambo wozima moto?"

Liwu lake linali lokhakhala ngati sowo yodula mtengo wouma. Mawu a anthu ena onse anapola, koma ake sanabwerere bwinobwino.

Munthu uja anaima m'madzi, ndodo ili m'manja. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Panalibe wina.

"Mayi, tsiku lija pabwalo. Kodi munali ndi mawu?"

"Mawu ndinali nawo, bambo. Pakhosi ndi pamene ndinalibe."

"Ndinakuonani."

"Inenso ndinakuonani mukundiona."

Madzi ankadutsa m'miyendo mwake, ozizira.

"Ndikauza anthu," anatero. "Titsegulenso bwalo."

Mayiyo anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. "Malire ali ngati mphasa, bambo. Mukasolola bango limodzi yonse imamasuka. M'mbali mwa msewu wanu muli chigayo tsopano, muli nyumba za ana a achimwene anu. Mufuna nkhwangwa zituluke chifukwa cha mpiru wanga?"

"Ndiye bwerani kutsidya. Ndikupatsani dimba lalikulu kuposa lija."

"Kutsidya ndikadziwa ndani? Mayi anga agona kuno. Dimba lija anayamba ndi iwowo."

Anamiza ndowa, inadzaza, n'kuikokera pamchenga. Kenaka anawongoka, n'kumuyang'ana.

"Koma poti mwayamba nokha, ndikufunseni kanthu kamodzi. Mundiyankhe ngati muli pamaso pa Mulungu. Mfuwu ija munaimva tsiku liti?"

Zaka zonsezo palibe anali atamufunsa funso limeneli. Nyimbo inali itamuyankhira kale. Akanati lachitatu, ndipo mudzi wonse ukanamuikira umboni.

"Loyamba," anatero. "Dzuwa lisanafike pamutu. Ndinkasema goli."

Nazimbiri anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti inafika. Ine zaka zonsezi ndimati mwina mphepo inkaibweza. Ndimakukhululukirani ndi mphepoyo." Anapinda nkhata yake, n'kuiika pamutu. "Ankakuwa uja ndinali ine, bambo. Ndinkathira ndowa imodzi pamoto, n'kuthamangira pagombe pano kukuwa, n'kubwerera. Anzanga mawu anawathera ndi utsi. Anga anathera pa kukuitanani inu."

Munthu uja anataya ndodo, n'kuthamanga m'madzi kuti akamutwike ndowa. Pamene ankafika pamchenga, mayiyo anali atasenza kale yekha, akukwera mtunda.

A Kamtedza analekezera pamenepa. Bambo anafunsa uja anati, "Ndiye munthu wa kutsidyayo ndi Amereka?"

"Amereka ali kutali," anatero a Kamtedza, "ndipo nkhani yake ndi yaikulu kuposa fanizo langa. Ana ake ambiri agona m'manda a kutsidya kwa nyanja, sitingawanyoze. Ine ndangokuyankhani za mpando. Amene wafika potsiriza amafika ndi mphamvu. Nyumba yake imakhala chiimire, pakhosi pake pamakhala posalala. Tsiku logawa likafika, oyamba aja amakhala atasasa mawu, ndipo dziko limajambulidwa ndi liwu limene latsala. Agogo anu a ku Bama, ndi anzawo amene anabwerako, anali kumbuyo kwa bwalo, manja ali m'nsanza. Koma musathamangire kuloza chala kutsidya kwa nyanja. Aliyense wa inu ali ndi mtsinje wake, ndipo alipo amene akukuwa pagombe."

Anapukuta magalasi ndi tayi, koma sanawavale.

"Mayi anga anadwala miyezi isanu ndi itatu. Ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa ndi mlongo wanga Esinati, yekha. Anandilembera makalata anayi. Onse ndinawalandira. Ndinkatumiza sopo ndi shuga, ndikuti ndidikire ana alembe mayeso. Ndinafika mlungu womaliza ndi galimoto yobwereka, n'kuwatengera kuchipatala, ndipo anthu anati mwana wamwamuna wabwera. Titaika maliro, pogawa za m'nyumba, Esinati anali atatopa moti ankagona chokhala. Woyankhula ndinali ine. Nyumba ya mayi ndinapereka kwa msuweni wathu, ndipo ndinafunsa ngati alipo wotsutsa."

Anadzuka, n'kutola Baibulo lawo pabenchi. Mawu awo otsiriza ndawasunga monga anawanenera.

"Abale anga, mukamva mfuwu, pitani tsiku lomwelo. Mukachedwa, pitanibe, ndipo gwirani ntchito ndi mphamvu zanu zonse, chifukwa ikufunika. Koma pabwalo khalani pansi, mudikire mpaka pakhosi pa anzanu patapola. Ine sindinadikire. Mundipempherere."